Rejisitala wa Pansi pa Masitepe

Pansi pa masitepe a nyumba ina ya mashopu m'tauni pali kamalo kamene munthu wamtali sangaimirire osagunda mutu. Pamenepo ndi pamene a Chidindo akhala zaka makumi atatu ndi zinayi, akusema zidindo ndi manja. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi akazi awo ndi a ku chipatala basi. Ena onse, ngakhale ana awo omwe akafuna kuwaseka, amangoti a Chidindo. Katebulo kawo kali ndi mwendo umodzi waufupi, ndiye amakachirikiza ndi katoni yopinda kanayi. Pamwamba pake pamakhala malezala othyolathyola, zidutswa za mphira, guluu, inki, ndi kagalasi kodziyang'anira kamene amaonera zilembo, poti pa ntchito imeneyi munthu amalemba chobwerera m'mbuyo. Masiku ano makina amatulutsa chidindo munthu asanamalize kumwa tiyi, koma alipobe amakani ena amene amafuna cha pamanja, ndipo amakani amenewo ndi amene aphunzitsa ana awo anayi mpaka kumaliza sukulu.

Lamulo lawo ndi limodzi, ndipo aliyense m'nyumbamo amalidziwa pamtima: popanda kalata, palibe chidindo. Ubwere uli m'suti, unene kuti ndiwe mkulu wa sukulu kapena wa kiliniki, iwo amangotambasula dzanja kufuna kalata yochokera ku ofesi yako, ya siginecha ndi nambala ya foni, ndipo foniyo amaimbadi iwe uli pomwepo. Anthu awatukwanapo, ena kuwalonjeza kangachepe, koma mutu wa a Chidindo ndi mwala. Musawaweruze msanga. Ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi, ankaphunzira ntchito kwa mkulu wina wa pa depoti, munthu waluso koma wosadziwa kukana. Tsiku lina apolisi anabwera ndi chidindo chabodza cha chipatala chili m'kapulasitiki, n'kunyamula onse awiri. A Chidindo anagona m'selo masiku atatu, atalandidwa lamba, buluku akuligwira ndi dzanja, mayi awo akulira panja pa geti. Anawatulutsa poti anali wophunzira chabe. Mphunzitsi wawo anapita kundende, ndipo anabwerako ali m'bokosi.

Kuyambira pamenepo, jombo za apolisi zikangodutsa pakhonde, a Chidindo amasiya kusema mpaka zitapitirira. Galimoto alibe, nyumba akuchita lendi, koma dzina lawo silinalembedwenso m'buku la apolisi, ndipo chimenecho ndicho chuma chawo chonse.

Chowapweteketsa mutu chinali mlamu wawo, mlongo wake wa akazi awo. Bambo ameneyu, wa zaka zopitirira makumi anayi, wamtali, wofatsa ngati ng'ombe yokhuta, anali mlonda pa nyumba ina yosungiramo katundu mpaka eni ake anatseka n'kusamuka osatsanzika. Ntchito itatha, anayamba kubwera m'mawa uliwonse pansi pa masitepe paja, ati kudzathandiza alamu. Kuthandiza kwake kuti? Lezala sankatha kuligwira, guluu ankamata nalo zala zake zomwe. Ankangokhala pa kileti, mutu utatsamira kunsi kwa masitepe, atatsinzina, n'kumalengeza anthu oyenda pamwamba pawo. Uyo ndi telala, wayambana ndi akazi ake. Uyo ndi mayi wa fotokope, lero wavala nsapato za ku tchalitchi. Uyo si wa muno. A Chidindo ankapsa mtima, poti kusema kachilembo kakang'ono kumafuna bata, koma akadandaula kunyumba akazi awo ankangoti wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Ndiye kunabwera mayi wojambula zithunzi, n'kuchita lendi chipinda cha m'mwamba chimene kale ankasungiramo makatoni a nsapato. Anali mayi wochepa thupi, wa ovolosi yothimbirira penti, woseka mokweza moti mlamu sankavutika n'komwe kumvetsera mapazi ake. Anthu ankayembekezera kuti azijambula maluwa ndi mbalame zogulitsa. Ayi ndithu. Sabata yachitatu anamata pepala pachitseko chake lolembedwa kuti Yunivesite ya Manja ndi Makutu, n'kuyenda shopu ndi shopu kuitana anthu kuti Loweruka masana, akatseka, akwere.

Anakwera ambiri, ena kungofuna kuona misala. Pakhoma anapezapo mapu aakulu a yunivesiteyo: laibulale ya nsanjika zisanu, nyumba zogona ophunzira, bwalo la mpira, mpaka malo oimapo basi. Wometa anafunsa kuti kodi zimenezi zili dera liti. Mayiyo anayankha kuti sizili kulikonse, ndipo sizidzamangidwa. Anati anzake amajambula ndi penti pa nsalu, koma iye watopa nazo, tsopano akufuna kujambula ndi anthu. Yunivesite imeneyi ndiye chithunzi chake, ndipo aliyense wokwera masitepe aja walowa m'chithunzimo. Anawonjezera kuti m'nyumba imeneyi muli maprofesa khumi ndi awiri amene palibe anawauzapo kuti ndi maprofesa. Anthu anayang'anana. Telala ananong'ona kuti zoterezi zimayamba chonchi, mawa lake munthu amavula n'kumathamanga mumsewu. Koma Loweruka lotsatira anali woyamba kufika, atanyamula mikanjo itatu imene anasoka ndi makatani akale.

Kuyambira pamenepo mayiyo anakhala a Chansala. Wokonza mawotchi anapatsidwa Dipatimenti ya Zinthu Zokana Kukonzeka, ndipo anaphunzitsa ola lathunthu za mmene ungadziwire kuti wotchi yafa zenizeni, ndi mmene ungamuuzire mwini wake ngati inali ya malemu bambo ake. Anthu ena anapukuta misozi. Mayi wa fotokope, amene theka la moyo wake lathera m'maofesi kudikirira mapepala a eni, anakhala mkulu wa za Kuima pa Mzere. Wometa anafuna madipatimenti awiri, anamukaniza, ananyanyala Loweruka limodzi n'kubwerera yekha. Panali kalendala ya maphunziro, nyimbo ya sukulu imene aliyense ankaimba mawu ake, ndi misonkhano yokangana mpaka thukuta za mtundu wa penti wopaka laibulale imene kulibe. Anthu amene anakhala zaka zambiri akungopatsana moni wa pakhonde anayamba kudziwana matenda ndi mayina a ana.

A Chidindo ankakwera nawo, n'kumakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo kunena zoona ankasangalala. Vuto linayamba tsiku limene a Chansala anatsika n'kunena kuti yunivesite yopanda chidindo si yunivesite. Iwo anatambasula dzanja monga mwa masiku onse. A Chansala anakwera, patapita mphindi khumi n'kutsika ndi kalata yotayipa bwino, ya siginecha ndi nambala ya foni. A Chidindo anaimba. Foni inalira m'thumba la ovolosi, a Chansala n'kuyankha ali chiimire pomwepo, kutsimikiza kuti inde, kalatayo yachokeradi ku ofesi yawo. Khonde lonse linafa nalo phwete.

Akanakanabe. Chimene chinawagwetsa si kuseka kuja ayi, koma kapepala kamene a Chansala anaika patebulo: dzanja lotambasula, pakati pa chikhatho pali khutu, mizere ya m'chikhatho yopyapyala ngati tsitsi, dzina la yunivesite litazungulira. A Chansala ananena ngati akudziyankhula okha kuti wopanga zidindo ndi makina wati zoterezi sizingatuluke pa mphira. Eee, mmisiri ukafuna kumugwira umugwire pamenepo. A Chidindo anasema masiku anayi, nkhomaliro ikuzizira pambali, ndipo atadinda koyamba pa pepala mtima wawo unavomera kuti pa zaka zonsezi sanasemepo chinthu chotere. Anangoika lamulo limodzi: chidindocho chizikhala m'dilowa yawo, kiyi m'thumba mwawo, ndipo wodinda akhale iwo okha. A Chansala anaomba m'manja n'kunena kuti basi, yunivesite yapeza Rejisitala. Choncho pofuna kuchenjera, a Chidindo anadzipezera okha udindo wosayina satifiketi iliyonse.

Mlamu uja sankajomba Loweruka ngakhale limodzi, ndipo a Chansala atamva za mapazi zija analamula kuti alembe mayeso. Anamukhazika pa kileti yake atamumanga nsalu kumaso, anthu khumi ndi anayi n'kumakwera masitepe mmodzimmodzi. Anawatchula onse. Wometa anabwereka nsapato za telala kuti amusokoneze, koma mlamu anati nsapatozo ndi za telala, miyendo ndi ya wometa, ndipo zikumuthina. Tsiku lomwelo anamuveka mkanjo wa makatani n'kumupatsa Digiri ya Kuzindikira Mapazi a Anthu, pa pepala lokhuthala limene mayi wa fotokope ankasungira makasitomala olemekezeka. A Chidindo anasayina, anadinda, inki n'kugwira bwino mzere uliwonse. Pepalalo linkaoneka lenileni kuposa masatifiketi a ana awo amene anapachika pabalaza. Mlamu analilandira ndi manja awiri, osaseka pamene ena onse ankaseka, n'kulilowetsa m'malaya.

Patapita mwezi mlamu anasowa masiku angapo, a Chidindo n'kumayamika Mulungu chifukwa cha bata. Chakudza sichiimba ng'oma. Lachiwiri m'mawa kunafika mesenjala wa njinga yamoto, n'kufunsa pakhonde kuti Rejisitala ndi ati. Kalata yake inali ya kampani ina yaikulu yosunga mankhwala, ndipo inali yaifupi. Inati Rejisitala wa Yunivesite ya Manja ndi Makutu akupemphedwa kufika ku ofesi yolemba anthu ntchito Lachisanu, naini koloko m'mawa, pa nkhani ya satifiketi imene munthu wina wofuna ntchito ya ulonda wapereka. Pansi pake panali kamzere kena: mubwere ndi chidindo.

A Chidindo anawerenga kawiri, kachitatu zilembo zinayamba kuyenda. Chitsiru chija chatenga pepala la masewera kukafunsira ntchito! Pa pepalapo palibe dzina la a Chansala, palibe la telala. Pali siginecha yawo ndi chidindo chosema ndi dzanja lawo, cha sukulu imene kulibe. Ku polisi zimenezi zili ndi dzina lake, ndipo dzinalo si luso. Ndani kumeneko angamve zoti n'chithunzi chojambula ndi anthu? Anaiona selo ija, simenti yake yozizira ndi chidebe cha pakona, ndipo ulendo uno panalibe zoti ndi wophunzira chabe. Anaopa zenizeni.

Anakwera masitepe kupita kwa a Chansala, kalata ili m'manja. A Chansala atawerenga kalatayo maso awo anawala, n'kunena kuti izi ndiye zodabwitsa, chithunzi chatuluka m'felemu n'kuyamba kuyenda chokha m'tauni. A Chidindo sanatukwanepo mzimayi chibadwire, koma tsiku limenelo panatsala pang'ono. Atawaona nkhope, a Chansala anasiya kuseka, anapepesa, n'kunena kuti apita nawo limodzi, atenga mapu ndi mikanjo, akafotokoza zonse. Iwo anakana. Kukalowa mu ofesi ya anthu ndi mayi wa ovolosi ya penti atanyamula mapu a malo amene kulibe, ndiye kuti selo aizemba n'kukagwera ku chipatala cha amisala. Komanso woitanidwa ndi Rejisitala, ndipo dzanja limene linadinda ndi lawo.

Maprofesa ena anabwera ndi nzeru zawo. Telala anati chidindocho achitaye m'ngalande n'kukana kuti sanachionepo. Wokonza mawotchi anati ayi, mlandu suola, ndipo kutaya umboni ndiye kuvomera. Wometa anati ali ndi msuweni wapolisi, koma atafunsidwa bwino zinapezeka kuti msuweniyo anachotsedwa ntchito kalekale. Lachitatu masana a Chidindo anachitengadi chidindocho mpaka kuseri kwa nyumba, anaima pamphepete pa ngalande, anachiyang'ana, n'kubwerera nacho m'thumba. Bodza sankalitha, komanso dzanja linakana kutaya ntchito ya masiku anayi.

Mlamu sankapezeka pa foni, ndipo masiku amenewo ankagona kwa msuweni wake kutsidya kwa tauni. Ukali wonse unathera pa akazi awo. Masiku atatu a Chidindo anamutchula mlamuyo mayina onse amene ankawadziwa: lova, mbuzi ya munthu, katundu wosenzetsa eni. Anati anamva kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma mwana wa imvi m'ndevu ndiye sanamuonepo. Akazi awo, amene amaphika m'kantini ya pa sukulu ndipo anazolowera phokoso, ankangosita zovala. Lachinayi madzulo ndi pamene anaika simbi pansi.

"Mlongo wanga ndi wozizira, sindikukana," anatero. "Koma wachinyengo ayi, ndipo inu mukudziwa."

A Chidindo anayankha kuti m'selo safunsa za mtima wa mlamu.

Lachisanu anavala ngati munthu wodziwa kumene akupita. Mabuluku awiri, la mkati la chingwe, kuti akalandidwa lamba asadzagwirenso buluku ndi dzanja pa ukalamba uno. Juzi pansi pa jekete, ngakhale kunja kunali kutatentha kale. Mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi anawabisa m'sokosi. Anapereka kiyi wa dilowa kwa akazi awo n'kuwauza kuti chidindo cha a pa butchala chatha, cha a kwaya chatsala kumata, ndipo mwana wawo wamkazi wokhala kutali asamuuze kaye poti ndi woyembekezera. Apa akazi awo kulimba mtima kunawathera. Anawakonza kolala imene inali yokonza kale, n'kutembenukira kukhoma.

Pa geti la kampani panali mlonda wa jombo zakuda, ndipo a Chidindo atamuona anaiwala kuti abwera kudzatani mpaka anangomupatsa kalata ija. Analemba dzina m'buku la alendo n'kulumpha mzere, iwo amene amasema chilembo chochepa ngati nyerere osaphonya. Anawadikiritsa pa benchi mphindi makumi awiri zimene zinali ngati chaka. Kenako anawalowetsa mu ofesi ya mafayilo mpaka kudenga, fani ikuzungulira mwaulesi, ndipo kuseri kwa desiki kunali mayi wachikulire wa magalasi a chingwe. A Chidindo anasuzumira kuseri kwa chitseko kuona ngati kwabisala wapolisi. Kunali tsache.

Satifiketi ija inali pa desiki, yokongola mochititsa manyazi. Asanafunsidwe kanthu, a Chidindo anayamba kuulula ali chiimire, chipewa chili m'manja. Anati yunivesiteyo kulibe, laibulale kulibe, mikanjo ndi makatani, a Chansala ndi mayi wojambula wa m'mwamba amene sanalakwire munthu, ndipo ngati pali womangidwa akhale iwo okha poti anadinda ndi iwo. Ankalankhula mothamanga ngati mwana wonena ndakatulo pa sukulu, kuopa kuti akaima sayambanso.

"Khalani pansi, bambo, mugwa," anatero mayiyo. "Zoti kulibe ndikudziwa."

Anafotokoza kuti wofuna ntchitoyo ananena yekha, iye asanatsegule n'komwe envulopu, kuti sukulu yake kulibe koma mayeso analemba. Atamufunsa kuti nanga waikiramo chiyani, anayankha kuti fomu ikuti munthu aikemo mapepala ake, ndipo iye, amene sukulu anasiyira kalasi yachinayi, alibe pepala lina lililonse lonena kuti pali chimene amachitha. Mayiyo anati anaseka mpaka sekilitale anasuzumira, koma kenako anamuyesa yekha: antchito asanu anadutsa pakhonde kamodzi akutchulidwa mayina, anadutsanso kachiwiri atasinthana malo, bamboyo ali chofulatira, ndipo sanaphonye ngakhale mmodzi. Mlonda wotere iye ankamufuna. Chovuta n'chakuti kampani yosunga mankhwala silemba mlonda popanda mboni yomudziwa kwa nthawi yaitali, ndipo mabwana ake akale sakudziwika kumene analowera. Pa mzere wa mboni bamboyo analembapo Rejisitala. Chidindocho anachiitanitsa chifukwa fomu ya mboni ili ndi kabokosi kodindamo.

"Ndiye apolisi simunawaitane?" anafunsa a Chidindo.

"Apolisi a chiyani? Mwanamiza ndani?"

Abale inu, mtima wa munthu! Unatsika kuchoka pakhosi kubwerera m'malo mwake, thukuta n'kutsetsereka m'mabuluku onse awiri. Anapepukidwa mpaka kumva chizungulire. Anapempha madzi, anamwa makapu awiri, anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, misozi ili chuchuchu. Fani yaulesi ija anaiona yokongola, mafayilo omwe anali okongola. Mayiyo anawafunsa kuti juzi ndi ya chiyani kukutentha chonchi, iwo n'kunena kuti ali ndi kachimfine.

Mayiyo anadikira mpaka atapuma bwino, ndiye anakankhira fomu kwa iwo.

"Tsopano ndikufunsani, ndipo muganize kaye, chifukwa kukadzasowa kanthu tidzabwera kwa inu. Munthu ameneyu mungamuikire umboni?"

Kuseka kunatha. Dzina lija analiteteza zaka zonsezi, limene langopulumuka kumene mphindi zisanu zapitazo, mayiyo ankalifunanso pa pepala, ndipo ulendo uno pepala lake silinali la masewera. M'kamwa mwawo munali mutadzaza kale mayina a masiku atatu aja, okonzeka kutuluka. Akanatha kungonena kuti sakumudziwa bwino, n'kudzuka, n'kupita kwawo ali oyera. Palibe akanawadzudzula.

Koma a Chidindo bodza salitha, ngakhale lowapulumutsa. Anayamba kuwerengera m'mutu, ndipo zimene anapeza zinawachititsa manyazi. Zaka ziwiri munthu uja amafika seveni koloko isanakwane pa ntchito yopanda malipiro, mvula kapena dzuwa. Iwo dilowa amaisiya yotsegula akapita kokagula mphira, ndipo sipanasowepo ngakhale lezala lothyoka. Tsiku lina masana, telala atatuluka, mlamuyo anangodzuka pa kileti, n'kukakumana pakati pa masitepe ndi mlendo atakulunga simbi ya telala m'jekete. Sanamumenye, anangoima panjira mpaka munthuyo anaika simbi pansi. Tsiku limenelo a Chidindo chimene ananena n'chakuti wawagwedezera tebulo podzuka.

Anaziwuza zonsezi mayiyo, limodzi ndi limodzi la masiku amene ankakumbukira, ndipo pomaliza anati inde, amuikira umboni. Koma chidindo cha yunivesite anakana kudinda pa fomuyo. Anati chimenecho n'cha Loweruka, fomuyi ndi ya zoona, ndipo ziwirizi sizisakanikirana. Mayiyo anati chabwino, adinde chawo cha bizinesi. Apa a Chidindo anakanda m'mutu. Munthu amene wasemera zidindo theka la tauni analibe chakechake. Sanaganizepo kuti angadzachifune. Mayiyo anavula magalasi n'kuseka mpaka sekilitale anasuzumiranso. Pamapeto pake a Chidindo analemba dzina lawo lenileni, lonse, ndi nambala ya chiphaso, n'kuviika chala chachikulu mu inki, n'kudinda m'kabokosi muja. Asanatuluke mayiyo anapempha kuti angochiona chidindo chotchukacho, anachidinda kuseri kwa envulopu yakale, anayang'anitsitsa dzanja ndi khutu lija kwa kanthawi, n'kufunsa ngati anasemadi ndi lezala. Ananenanso kuti mlondayo auzidwe kuti ayamba Lolemba.

Kunja kwa geti, mumthunzi wa mpanda, kunali mlamu. Anali atavala malaya oyera obwereka, manja ake aafupi, ndipo mlonda wa jombo uja anati wakhala chiimire pamenepo kuyambira m'mamawa, kulowa akukana, kuchoka akukana. Polowa paja, ndi mantha aja, a Chidindo sanamuone. Ataona a Chidindo anavula chipewa.

"Alamu, pepani. Ndimaopa kukuuzani, mukanakana."

"Ndikanakanadi."

Anaima choncho, magalimoto akudutsa. Mlamu ankapinda chipewa chija n'kuchiwongola, kupinda n'kuchiwongola.

"Mwawauza chiyani?" anafunsa.

"Zoona."

Mapewa a mlamu anagwa. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene sakudabwa, n'kunena kuti palibe kanthu, azikomo pobwera, ayesanso kwina. A Chidindo zinawalasa mumtima. Munthuyu wakhala pambali pawo zaka ziwiri, ndipo zoona zimene ankayembekezera kuchokera pakamwa pawo zinali zomutaya basi.

"Ndawauza kuti pa ntchito imeneyi sindinaonepo wokuposani," anatero. "Ndasayina dzina langa lenileni. Muyamba Lolemba."

Mlamu anawayang'ana nkhope, anayang'ana chala chothimbirira inki chija, n'kutembenukira kumpanda. Bambo wamtali chotero, wa imvi m'ndevu, mapewa ake ankagwedezeka, anthu odutsa n'kumacheuka. A Chidindo sankadziwa kuti mlamu akamalira amamutani. Anamudikira pang'ono, kenako anamugwira pa chigongono monga amachitira ndi munthu wotuluka m'chipatala.

"Tiyeni, alamu," anatero. "Alongo anu sanadye chidzukire."